Gulu la banja: masiku atatu a ku Washington mwambo wa madigiri ukatha

Amalume (Silver Spring): Bambo, achemwali ndi nonse, ndakupatsani moni. Popeza matikiti a ndege agulidwa kale, tiyeni tigwirizane za malo oti tikaone mwambo wa mwana wathu ku Howard University ukatha. Mwambowo ndi Loweruka, Lamulungu tidzapemphera ndi kupuma, ndipo ndege yobwerera ikunyamuka pa Dulles Lachinayi, choncho masiku oyenda ndi Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu basi. Maganizo anga ndi akuti tisachoke mu Washington muno, chifukwa malo ambiri otchuka ali pa bwalo limodzi lotchedwa National Mall, ndiponso nyumba zosungiramo zinthu zakale za Smithsonian salipiritsa polowa.

Achimwene (Johannesburg): Zikomo amalume. Ine ndikupempha kuti tsiku limodzi tiliike padera la ku New York, chifukwa sizingamveke kuti munthu waoloka nyanja yonseyi koma osaona Statue of Liberty ndi Times Square. Ndafufuza ndipo ndapeza kuti sitima yapamadzi yopita ku Staten Island ndi yaulere, ndipo imadutsa poti chibolibolicho chimaoneka bwino.

Amayi aang'ono (Leeds): Mwanangu, sitima yapamadziyo ndi yaulere ndithu, koma kukafika pamene imakwereredwa ndiye nkhani. Kuchokera pa Union Station kukafika ku New York pa sitima ya Amtrak ndi maola oposa atatu, pa basi ndi anayi kapena asanu, ndipo tikawerengera kupita ndi kubwera kwa anthu asanu ndi awiri, ndalama imene tasonkha ithera pa mipando. Kumbukiranso kuti agogo ako adzakhala asanazolowere nthawi, popeza mu Meyi Washington amatsalira maola 6 kumbuyo kwa Malawi, ndiye masana tulo tizidzawagwira.

Agogo (Chiradzulu): Ana anga, ine za nyumba zitalizitali sindikuzilakalaka, ndinaziona pa kanema. Pempho langa ndi limodzi. Ndaphunzitsa ana asukulu mbiri ya John Chilembwe moyo wanga wonse, ndikuwauza kuti anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, nakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, ndipo anabwerako mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission kuno ku Mbombwe. Ndamva kuti Virginia ndi woyandikana ndi Washington. Ngati n'kotheka, ndikufuna ndikapondeko pa sukulu imeneyo.

Amalume (Silver Spring): Bambo, kuyandikanako n'koona, mungooloka mtsinje wa Potomac mwalowa mu Virginia, koma Lynchburg ali kutali ndithu, ulendo wa maola atatu ndi theka kapena anayi pa galimoto. Sukuluyo ilipobe, masiku ano imatchedwa Virginia University of Lynchburg. Ndikuchenjezeni kuti ndi sukulu yaing'ono, si malo okonzedwera alendo, ndipo mwina tikangoyenda pabwalo ndi kujambulitsa. Komabe ngati mtima wanu uli kumeneko, ndibwereka galimoto yaikulu tonse tikwanemo, tinyamuke m'mamawa Lachitatu.

Womaliza maphunziro (Washington): Agogo, ine ndikugwirizana nazo, ndipo ndikupempha kuti tisanapite ku Lynchburg tiyambe taona National Museum of African American History and Culture, imene inatsegulidwa mu 2016, kuti mukaone America amene Chilembwe anamupeza. Mbiri yake imayambira pansi penipeni pa nthaka. Mumatsika pa chikepe mpaka m'zipinda zamdima zofotokoza malonda a akapolo, kenako mumakwera pang'onopang'ono kudutsa nthawi ya ukapolo, ya tsankho, mpaka masiku ano. Muli kanyumba kamatabwa ka akapolo kochokera ku Edisto Island ku South Carolina, muli bogi ya sitima imene inali yogawidwa, azungu kwawo, anthu akuda kwawo, ndiponso bokosi la maliro la Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi mu 1955, ndipo m'chipinda chimenecho saloleza kujambula. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali pamene ndinapitako ndi zitsulo zolemeretsa sitima ya São José, imene inanyamuka ku Mozambique Island itadzaza akapolo mu 1794 ikupita ku Brazil, n'kusweka pafupi ndi Cape Town. Anthu amenewo anachokera kumbali yathu ino ya Africa. Nyumba imeneyi si yothamangira, ikufunika tsiku lonse la Lachiwiri, ndipo chakudya chamasana tingadye momwemo.

Amayi (Blantyre): Mwana wanga, zimenezo ndazimva, koma ndikufunsa za miyendo ya agogo ako. Bondo lawo lakumanja silikuwalola kuima nthawi yaitali, ndipo pa zithunzi zimene unatumiza bwalo lija likuoneka lalikulu kwambiri.

Womaliza maphunziro (Washington): Amayi, kuchokera pa nyumba ya malamulo ya Capitol kukafika pa nyumba yachikumbutso ya Lincoln Memorial ndi makilomita pafupifupi 3, choncho sitidzayenda wapansi bwalo lonse. M'nyumba za Smithsonian amabwereketsa njinga za olumala kwaulere kwa amene wafika msanga, ndiye tiyenera kufika akamatsegula 10 koloko. Kulowa n'kwaulere, koma nyumba ndatchulayi ndi ya ndege ija, National Air and Space Museum, zimafuna matikiti osonyeza nthawi yolowera, ndipo ndidzawatenga ine pa intaneti akangotuluka.

Agogo (Chiradzulu): Njinga imeneyo ndidzakwera bondo likakana, osati ndisanayese.

Amalume (Silver Spring): Tamva, Bambo. Tsono Lolemba ndikuliona motere. Ndidzakutsitsani pafupi ndi Lincoln Memorial m'mawa dzuwa lisanakwere. Pa masitepe ake anazokota mawu pamwala osonyeza pamene Martin Luther King Jr. anaima polankhula kwa khamu la anthu pa 28 Ogasiti 1963, ndipo alendo ambiri amapondapo osazindikira, choncho muziyang'ana pansi. Ukaima pamenepo umaona dziwe lalitali ndi chipilala cha Washington Monument, chotalika mamita 169. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti miyala yam'munsi ndi yosiyana mtundu ndi yam'mwamba, chifukwa ntchito inaima zaka zoposa 20, ndalama zitatha ndipo nkhondo yapachiweniweni itabuka, mpaka anachimaliza mu 1884. Kuchoka apo tidzatsikira ku chipilala cha King m'mbali mwa dziwe la Tidal Basin, pamene pali malo okhala pamthunzi. Mitengo ya maluwa imene dziko la Japan linapereka mu 1912 ili pomwepo, koma maluwa ake amayoyoka mu Epulo, ndiye achemwali musayembekezere zija za pa kalendala. White House tidzangoionera kunja kwa mpanda.

Achimwene (Johannesburg): Amalume, ndagonja pa za New York, ndisintha tikiti yanga kuti ndikapiteko ndekha Lachisanu. Koma ndikupempha kuti masana a Lolemba akhale a mwana wanga ku nyumba ya ndege ija, popeza akungokamba za ndege ya abale a Wright ya mu 1903 ndi chombo cha Apollo 11 chimene chinabweza anthu kuchokera kumwezi mu 1969. Za kumalo osungira nyama tisavutike nazo, njovu anaziona kale ku Liwonde.

Amayi aang'ono (Leeds): Zili bwino. Ndalama ya gulu ilipire galimoto ya Lachitatu, mafuta, makadi a SmarTrip okwerera sitima za mumzinda za Metro ndi chakudya chamasana, koma mphatso aliyense agule ndi zake. Dziwaninso kuti mtengo wolembedwa m'malo odyera si umene mumalipira, amawonjezerapo msonkho, ndipo woperekera chakudya amapatsidwa yapadera, pafupifupi 20 peresenti. N'chifukwa chake ndikuti madzulo tizidya nsima kunyumba kwa achimwene ku Silver Spring.

Womaliza maphunziro (Washington): Mundilole madzulo amodzi okha, Loweruka mwambo ukatha, ndikutengereni ku Ben's Chili Bowl pa U Street, pafupi ndi sukulu yathu, malo amene akhala akugulitsa chakudya kuyambira 1958. Soseji yawo yotchuka muli nkhumba, choncho amayi ndidzakuitanitsirani china.

Amayi (Blantyre): Chabwino, koma Lachitatu tonse tivale zaulemu chifukwa tikupita pa sukulu ya abusa, ndipo ndikatenga nsalu yoti agogo akasiye ngati mphatso. Achimwene, yambani mwaimbira foni kusukuluko kuti tisakapeze zipata zotseka ana atatsekera.

Amalume (Silver Spring): Ndiwaimbira Lolemba likubwerali, ndipo yankho lawo ndidzaliika pagulu pano pamodzi ndi mtengo wa galimoto.