Pepala la ku labotale likuti madzi athu ali bwino, koma ku mipopi yakutali kulibe klorini. Titani?

Moni nonse. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu ogwira ntchito za madzi ndi zaumoyo.

Ndili mu komiti yoyendetsa madzi a m'mipopi m'dera mwathu. Tili ndi chitsime chokumba ndi makina, pampu ya sola, thanki imodzi ndi mapaipi opita ku mipopi ya gulu. Klorini timathira ku thanki, ndipo pali bambo wina wachikulire amene amathira n'kumalemba m'buku tsiku lililonse.

Bukulo ndi limene landisowetsa mtendere. Tsamba lililonse nambala ya kuchuluka kwa klorini m'madzi ndi 0.5, chilimwe ndi dzinja lomwe, ngakhale masiku amene madzi amatuluka ofiirira kukagwa mvula yambiri. Ndinabwereka kachipangizo koyezera, kaja koponyamo piritsi la DPD madzi n'kusanduka pinki ngati muli klorini. Pa mpopi woyandikana ndi thanki pinki anaoneka pang'ono chabe. Ku mipopi ya kumapeto madzi anangokhala mbee, piritsi kusungunuka lonse osasintha kanthu.

Nditafotokoza pa msonkhano, anzanga anatulutsa pepala la ku labotale losonyeza kuti E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi kapena ndowe, sanapezeke m'mamililita 100 a madzi, ndipo anati malamulo takwaniritsa, ndisawapute mavuto. Pepalalo sindikulitsutsa. Koma madzi amene anakayezedwawo anatungidwa m'mawa umodzi wa chilimwe, pa mpopi wa pafupi ndi thanki. Anthu amamwa chaka chonse, ndipo ambiri amatunga kumapeto kuja.

Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati klorini wotsala m'madzi azikhala osachepera mamiligalamu 0.5 pa lita pakatha mphindi 30 chithirireni, ndipo pamene munthu akutungira asatsike kupitirira 0.2. Ife pampu imaima usiku, thanki ikauma mapaipi amakhala opanda madzi, ndipo paipi yopanda madzi imayamwa zakunja pamene yabooka. Chigawo china cha paipi chimadutsa kuseri kwa zimbudzi.

Ndimakumbukira za Walkerton, katawuni kakang'ono ka ku Ontario m'dziko la Canada. Mu May 2000 mvula yamphamvu inakokolola ndowe za ng'ombe n'kuzilowetsa m'chitsime china cha tawuniyo. Anthu 7 anamwalira, pafupifupi 2,300 anadwala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti ogwira ntchito ankalemba manambala a klorini osayeza n'komwe, kwa zaka zambiri. Dziko lolemera, malamulo alipo, buku lodzaza bwino.

Ndiye ndithandizeni. Kodi n'koyenera kuuza anthu kuti aziwiritsa madzi pamene ndilibe umboni wa ku labotale? Nanga ndipite ndekha kwa a zaumoyo komiti isanavomere? Mantha a anzanga ndikuwamvetsa: akatitsekera, anthu abwerera ku mtsinje, komwe madzi ake ndi oipa kuposa athuwa. Ndiponso sindikufuna kuwachititsa manyazi abambo aja pagulu.

Yankho loyamba

Achimwene, musayambire pa klorini, yambirani pa chitsimecho. Madzi a pansi pa nthaka sayenera kufiira mvula ikagwa. Akafiira ndiye kuti madzi othamanga pamwamba akulowa, nthawi zambiri chifukwa simenti ya pakamwa pa chitsime inang'ambika kapena madzi amadikha pamenepo. Pitani mukaone nokha mvula ikangokata.

Matope amadya klorini komanso amabisa tizilombo. WHO imafuna kuti kuvunduka kwa madzi kukhale pansi pa 1 NTU (muyeso wa kuvunduka kwa madzi) kuti klorini agwire bwino, ndipo kukapitirira 5 musamudalirenso. Onaninso mmene mukusungira ufa wa klorini uja wotchedwa HTH. Ukakhala watsopano mphamvu yake imakhala 65 mpaka 70 pa 100 aliwonse, koma chitini chikamakhala chosatseka bwino, pamalo otentha kapena a chinyezi, mphamvu imatha mwakachetechete. Munthu amathira muyeso womwewo wa masiku onse koma akuthira ufa wakufa.

Mukafuna kuyezetsanso, tungani pa mpopi wa kumapeto, mvula itangogwa. Botolo likatengedwe ku labotale komweko, lija lokhala ndi sodium thiosulfate wothetsa klorini kuti asapitirize kupha tizilombo m'njira. Lisungeni pozizira, lifike pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, koma lisapitirire maola 24.

Yankho lachiwiri

Bambo, auzeni anthu lero. Zotsatira za E. coli zimatenga tsiku lathunthu kapena kuposerapo, ndipo zikamatuluka madziwo amakhala atamwedwa kale. Kusowa kwa klorini pa mpopi n'chifukwa chokwanira. Awiritse mpaka abwate, makamaka madzi akumwa a ana aang'ono, okalamba ndi odwala. Kuwiritsa kumapha ngakhale Cryptosporidium, kachilombo kotsekula m'mimba kamene klorini wa masiku onse sakatha.

Kwa a zaumoyo pitani, koma auzeni anzanu kuti mukupita, ndipo mutenge mmodzi wa iwo. Mukafika ndi manambala anu enieni ndi dongosolo lokonzera, zimakhala zina kusiyana n'kuti akupezeni ana atayamba kale kutsekula m'mimba. Mu 2024 WHO inatulutsa malangizo apadera a madzi a m'madera ang'onoang'ono, ndipo amalimbikitsa kuyendera malo onse kuchokera pa chitsime mpaka pa mpopi n'kumakonza pang'onopang'ono, kuyamba ndi choopsa kwambiri.

Za abambo aja, afunseni pambali ngati mapiritsi oyezera ali nawo. Ambiri olemba nambala imodzimodzi amakhala kuti mapiritsi anatha kalekale, anapempha, palibe anawagulira, ndipo akuopa kusiya tsamba lopanda kanthu.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Abambo aja ndikawaona ndekha, ndipo pa chitsime ndikayang'ana simenti ija. Funso lina latsala. Tikawonjezera klorini kuti kumapeto afike 0.2, a pafupi ndi thanki adandaula fungo, ndipo ena asiya kumwa. Alipo amene anayesapo kuthira pang'onopang'ono tsiku lonse ndi kachipangizo kodonthetsa m'malo mothira kamodzi m'mawa? Kamagwira bwanji pa thanki imene imadzaza masana okha?