Kugula nyumba pa Dedza boma uku ndikugwira ntchito ku Lilongwe, ndisankhe mbali iti?

Bambo a Tadala:
Abale ndithandizeni nzeru. Ine ndimagwira ntchito ku City Centre ku Lilongwe, madamu ndi aphunzitsi ndipo anawasamutsira ku Dedza chaka chathachi, ndiye panopa tikulipira lendi kuwiri, ine kachipinda ku Area 25 iwo ndi ana nyumba pa boma. Zatikwana. Tagwirizana zoti tigule nyumba ku Dedza konko ine ndizichita kuyendera, osati tsiku ndi tsiku ayi koma katatu kapena kanayi pa sabata poti abwana anandilola kugwirira kunyumba masiku ena. Ku Area 47 kapena 43 tinakafunsa mitengo tinangobwerako chamutu, ndalama yomwe uko ungagule poloti yopanda kanthu ku Dedza ikukwana nyumba yonse ndi fensi yomwe.

Pali nyumba ina kumtunda, cha m'munsi mwa phiri kumayadi kuja, yakale koma yolimba, bwalo lalikulu mitengo ya paini kuseri, ukaima pakhonde tauni yonse ukuiona pansi. Madamu mtima wawo wagwera pomwepo basi sakumvanso china. Ina ili pafupi ndi M1, yatsopano ya matailosi koma bwalo laling'ono ndipo mathiraki akamadutsa mawindo amachita kunjenjemera. Kenako mlamu wanga akuti tisavutike ndi zonsezi, pali malo aakulu kunja kwa boma pang'ono njira ya ku Bembeke, otchipa, amfumu asaina, timange tokha. Amene mukukhala ku Dedza kapena mumayenda msewu umenewu mundiuze zoona zake, ndisadzalire mawa.

Wa Minibasi Wakale:
Achimwene yambani kaye masamu a msewu musanayambe kusirira paini. Kuchoka pa Dedza kufika Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, kupita ndi kubwera 170, kanayi pa sabata ndi 680. Ine kagalimoto kanga kamayenda makilomita 12 pa lita ndiye tsiku limodzi malita 14 apita, inu chulukitsani ndi mtengo wa lero muone ngati sizikuposa lendi ya ku Area 25 ija. Pamwamba pake pali toll gate pa Kalinyeke, matayala, oyilo, mashoko. Ndipo mukumbuke nthawi zija mafuta amasowa anthu kumagona pa filling station, munthu wa ku Area 25 amatha kukwera kabaza nkukafika ku ntchito, inu wa ku Dedza muwauza chani abwana?

Chinanso anthu amaiwala, msewu wake si wautali kokha ayi. Pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Nathenje anthu njinga mbuzi zonse zili pamsewu makamaka tsiku la msika, simungathamange. Ukafika pa Bunda roundabout mpamene mpanipani weniweni ukuyambira, kaya ulowera ku Biwi kaya ukhotera bypass. Ine ndinkanyamuka 5 koloko kuti 7 ndikhale pa desiki, ndikachedwa ndi mphindi 30 zokha ndiye kuti ndikafika cha m'ma 8. Nde pa nyumba ziwiri zanuzo funso langa ndi limodzi, kuchoka pageti kufika pa tala ndi mphindi zingati mvula itagwa usiku wonse? Kumtunda kuja misewu ina ndi yafumbi ndipo dothi lake likanyowa limaterera ngati sopo.

Nachisale wa pa Boma:
A Bambo a Tadala, ine ndakhala pa Dedza zaka 14, ndalamba konkuno, ndiye ndiyankhula ngati mzimayi poti amene azikhala m'nyumbamo tsiku lonse ndi mayi a Tadala ndi ana osati inu. Nyumba ya kumtunda ndi yabwino zedi mukaiona mu Okutobala. Pitani mukaione mu Juni kapena Julaye. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo phiri lija limapitirira 2,000, chisanu chake si chamasewera, mbali ina dzuwa limachedwa kufika chifukwa cha phiri ndi mitengo, zovala ungachape m'mawa kufika madzulo zili chinyowere. Ife tinakhalapo nyumba yotero ya lendi, kuseri kwa wadiropu khoma lonse linachita nkhungu yakuda bii, nsapato za abambo akunyumba zachikopa zinamera ubweya wobiriwira, mwana wathu wachiwiri chifuwa chaka chonse. Mukapita kukaona sunthani makabati muone kuseri, gwirani khoma ndi dzanja, ndipo ngati apaka penti yatsopano chakumunsi kokha dziwani kuti pali chomwe akubisa.

Ndiye madzi. Osafunsa mwini nyumba kapena ejenti, amenewo akuuzani kuti madzi satha. Funsani mtsikana wantchito wa nyumba yoyandikana nayo, kapena ingoyang'anani, mukaona nyumba iliyonse mumzerewo ili ndi thanki pamwamba ndi zigubu pakhonde mwapeza yankho. Malo okwera madzi amafika mochedwa, nthawi zina amabwera 2 koloko usiku wina adzuke kukatunga. Tsegulani mpope nokha masana dzuwa lili pamutu, osati m'mawa. Muonenso mabilu a Central Region Water Board kuti palibe ngongole yotsalira, ndi mita ya ESCOM ngati ili m'dzina la amene akugulitsayo.

Koma musamve ngati ndikunyoza kumtunda ayi. Kuli bata, akuba ndi ochepa poti aneba ambiri ali ndi alonda ndi agalu, ana amasewera pabwalo opanda mantha a galimoto. Kungoti kumayadi aliyense ali mu fensi yake, mwana akatentha thupi usiku inu muli ku Lilongwe mayi agogoda geti la ndani? Ine kuno ndikangokuwa amayi a pafupi afika ndi chitenje m'manja. Zimenezo muziwerengerenso, ndi mtunda wofika ku chipatala cha boma ndi ku sukulu ya ana wapansi poti galimoto muzikhala mwatenga inu.

Mjomba Che Dala:
Kkkkk aise ingogula ku Lilongwe kuno basi, ngakhale ku Airwing kapena Area 49, madamu apemphe transifa. Dedza ndi kopita Loweruka kukamwa khofi ku Pottery ndi kugula mbatata ya kachewere, osati kokhala. Udzafa ndi chisanu iwe.

Nachisale wa pa Boma:
Che Dala transifa ya mphunzitsi kulowa mu tauni ya Lilongwe mukuiona ngati kugula tomato pa Lizulu eti? Ndipo ife tikukhala kuno sitinafe.

Ngozo wa ku Ntcheu:
Ine ndilankhulepo pa nkhani ya mlamu wanuyo chifukwa ineyo inandiluma. Chaka china ndinagula malo otere kwathu kuno, aakulu bwino, amfumu anasaina sitampu ndi mboni ziwiri, ndinagula kwa bambo wina wachikulire wooneka waulemu ndithu. Ndathira maziko, njerwa zafika pa windo, Lamulungu lina ndangoona azimayi atatu ndi anyamata akhala pa mulu wanga wa mchenga akuti malowa ndi a mbumba, anasiya ndi agogo awo aakazi, amalume aja analibe mphamvu yogulitsa okha. Ndipo kunena zoona sankanama. Kwathu kuno ndi ku Dedza komwe midzi yambiri malo amayenda kuchikazi, mwini mbumba amangoyang'anira, ndiye ukagula kwa iye alongo ake ndi ana awo osadziwa wagula mlandu. Nkhani inatenga zaka 2, tinakafika kwa gulupu kenako kwa a T/A, mapeto ake ndinalipiranso kachiwiri kuti andisiye ndimalize nyumba. Kutchipa konse kuja kunathera pompo.

Malamulo a malo anasintha mu 2016, kalata ya amfumu payokha si title deed ndipo ku banki sakupatsani ngongole ndi kapepala kameneko. Ngati mwaumirira malo a kumudzi itanani banja lonse, makamaka azimayi, asaine onse masana anthu akuona, mubweretse saveya aike mabikoni. Muyendenso malire onse wapansi mufunse kuti kankhalango kali apo nkachani, mwina ndi manda kapena dambwe, mungadzamange geti kuyang'ana kolakwika. Ndipo magetsi ali patali bwanji? Mapolo mudzagula nokha. Kumanga nakonso, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mtengo wa simenti ndi malata sukhala malo amodzi, bajeti ya Januwale pofika Juni ndi nthabwala, kuonjezera apo inu muli ku Lilongwe amisiri ali okha ndi matumba anu a simenti, kkkk ndisanene zambiri.

Ngakhale nyumba za pa boma zo musakhulupirire fotokope. Tengani nambala ya poloti mukachite search ku Lands, muone dzina lili pa lizi, zaka zatsala zingati pa 99 zija, ngati sinaikidwe chikole ku banki, komanso ngati ground rent ndi misonkho ya ku khonsolo zinalipiridwa. Nyumba yakale ngati ya kumtundayo nthawi zambiri mwini wake anamwalira, akugulitsa ndi mwana mmodzi ena ali ku Joni sakudziwa, funsani makalata a ku khoti osonyeza amene akuyendetsa chuma cha masiye. Ndalama ya loya imawawa koma ndi yochepa kuyerekeza ndi zomwe ndinaona ine. Ndipo poti mwati paini ali kuseri kwenikweni, phiri la Dedza ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, onetsetsani kuti fensi ya kuseriyo sinalowe mbali ya a Forestry.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, anzakowa anena zambiri zabwino, ine ndingoonjezera za phiri. Tonse tinaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, matope ndi miyala kutsika usiku anthu ali mtulo. Sindikuti ku Dedza kudzachitika zomwezo, koma ukapita kukaonanso nyumbayo kwera kuseri kwake uone madzi a mvula amadutsa pati, ngati pali chigwembe cholunjika ku nyumba, ngati mitengo ya kumtunda ikadalipo kapena anadula. Ufunse achikulire a pamenepo kuti mvula yaikulu ikagwa madzi amalowera kuti. Ya pa M1 nayo ili ndi zake, uyeze kuchoka pakati pa msewu kufika pa fensi, pali malire a msewu amene saloledwa kumangamo ndipo tsiku lokuza msewu sadzakufunsa. Phokoso lokha umazolowera, ine ndagona zaka zambiri mathiraki opita ku boda ya Mozambique akudutsa, koma ana aang'ono ndi msewu umenewu ayi ndithu, geti lizikhala lokhoma.

Bambo a Tadala:
Zikomo kwambiri nonse, a Ngozo pepani ndi zomwe munakumana nazo, nkhani yanu ndawawerengera alamu anga pa foni angoti zii. Za malo a kumudzi tazisiya. Dzulo ndinagona ku Dedza dala kuti ndiyese msewu, ndanyamuka 5:10 chifunga chili tolo mpaka pa Linthipe ndimayenda 50 magetsi oyaka, pa ofesi ndafika 7:25 khosi likuwawa. Ndiye katatu pa sabata mwina, kanayi ayi, ndipo kachipinda ka ku Area 25 sindikasiya msanga.

Tinapitanso kumtunda kuja ndi madamu cha m'ma 1 koloko masana monga munanenera a Nachisale. Mpope wa panja unangotsokomola mpweya kenako tidontho, ejenti akuti zangochitika lero lokha, koma nyumba zinayi zoyandikana nazo zonse mathanki obiriwira pamwamba. Kuseri kwa kabati ya kuchipinda khoma ndi louma bwinobwino, dzuwa likufika mbali imeneyo, ndiye madamu akuti thanki tigula palibe vuto, ine ndikuti mtengo wa thanki ndi pampu uchoke pa mtengo wa nyumba. Mwini wake akuti ndi mayi wamasiye ali ku Blantyre kwa mwana wake, nambala ya poloti atipatsa. Alipo akudziwa kuti search ku Lands imatenga masiku angati, ndipo ndipite ndekha kapena ndingotuma loya?