Njinga ya matayala atatu ikunyamula tayala pokhota: titsitse mpando kapena titani?

Wazamakina24

Akuluakulu, tithandizeni maganizo. Gulu lathu la ophunzira uinjiniya likupanga njinga yopalasa ndi manja, tayala limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, potsatira malamulo a mpikisano wa e-HPVC wa bungwe la ASME la ku America, uja wa njinga zoyendera mphamvu ya munthu mothandizidwa ndi mota yamagetsi. Tikufuna kuti munthu waulumali woyendera chikuku azisamukirapo yekha, n'chifukwa chake mpando tauika masentimita 50 kuchokera pansi. Mpata wa matayala akumbuyo ndi masentimita 65, kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika yakumbuyo ndi 110, wokwera ali pakatikati. Matayala ndi a mainchesi 26, mota ndi buleki zili kutsogolo.

Ikakhota pa liwiro la makilomita 15 kapena 16 pa ola, tayala lamkati likunyamuka, ndipo rimu imodzi yapindika kale. Tikatsitsa mpando, mwiniwake avutika kukwera. Tigwire pati?

Mmisiri_wa_Felemu

Achimwene, liwiro mwatchulalo likugwirizana ndendende ndi masamu. Ndi mpando wa 50, kulemera kwa munthu ndi njinga pamodzi kumagona pa masentimita pafupifupi 65 kuchokera pansi. Gawani mpata wa matayala ndi msinkhu umenewo mutauwirikiza kawiri: 65 kugawa ndi 130 ndi 0.5. Pa galimoto ya matayala anayi mukanathera pomwepo, koma yanu kutsogolo n'kosongoka, ndiye muchulukitsenso ndi gawo la mtunda umene wokwera watalikirana ndi tayala lakutsogolo. Wanu ali pakati, choncho 0.5 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 0.25 g (g ndi mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi), kutanthauza kuti tayala limanyamuka mphamvu yokankhira m'mbali ikafika kota ya kulemera konse. Pa kona ya mamita 8 (kuyeza kuchokera pakati pa bwalo limene njinga ikuzungulira), imene malamulo amafuna kuti njinga izitha kukhota, 0.25 g imakwana pa makilomita 16 pa ola.

Mpando si chokhacho chimene mungasinthe. Choyamba, bwezani wokwera kumbuyo mpaka tayala lakutsogolo lizisenza 30 peresenti yokha ya kulemera konse. Kuyeza kwake n'kosavuta: sikelo yoyezera munthu pansi pa tayala lakutsogolo, matabwa okhuthala mofanana nayo pansi pa awiri enawo, wokwera ali pampando. Ngati zonse pamodzi ndi makilogalamu 120, sikelo iwerenge 36. Kenako tanuzani mpata ufike 80. Musapitirire pamenepo, chifukwa mukaphatikiza mahabu njinga iyenera kukhalabe yosakwana masentimita 90 m'lifupi, apo ayi pamakomo ambiri sidzalowa. Mbali ina ya mpatawo mutha kuipeza popendeketsa matayala ngati a zikuku zamasewera, pamwamba alowe mkati: madigiri 6 pa tayala la mainchesi 20 amawonjezera masentimita pafupifupi 5 pansi. Mpando utsike pang'ono chabe, ufike 45, choyedzamira chipendekere kumbuyo, miyendo itambasukire kutsogolo. Kulemera kumatsikira cha pa 55.

Werengeraninso: 80 kugawa ndi 110, kuchulukitsa ndi 0.7, ndi 0.51 g, kutanthauza makilomita pafupifupi 23 pa ola pa kona yomweyo.

Za rimu. Njinga wamba imapendekeka pokhota, ndiye masipoko ake salandira mphamvu yam'mbali. Ya matayala atatu sipendekeka, mphamvu yonse imakankha rimu cham'mbali, ndipo tayala likakula m'pamene limapindika msanga. Kumbuyo ikani a mainchesi 20 a masipoko 36, omangidwa mofanana. Ngati tayala lagwiridwa mbali imodzi yokha, ekiselo ya njinga wamba ya mamilimita 10 ipinda. Pamafunika 12 kapena kuposa, yachitsulo cholimba. Matayala awiriwo ayang'ane kutsogolo mofanana: yezani mpata kutsogolo ndi kumbuyo kwa marimu pamsinkhu wa ekiselo, kusiyana kusapitirire mamilimita 2, chifukwa kukapitirira matayala amadyeka ndipo wopalasa amatopa pachabe.

NaMagetsi

Ndikugwirizana nawo a Mmisiri, koma kubweza wokwera kumbuyo kuli ndi mtengo wake, ndipo ukhudza mota ndi buleki zanu zomwe zili kutsogolo.

Tayala losenza makilogalamu 36 likafika pa chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 10 alionse, makilogalamu 6 amasamukira kumbuyo, n'kutsala 30. Pamsewu wafumbi tayala limagwira pafupifupi 0.4 ya kulemera kwake, ndiye lingakoke ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 12 basi, pomwe chitunda chokhacho chikufuna 12, osawerengera kukakamira kwa dothi. Lidzangozungulira pamodzimodzi. Mota isamukire ku limodzi la matayala akumbuyo, manja azipalasa lakutsogolo. Imakokera mbali pang'ono ponyamuka, koma pa mawati 250 mpaka 500 chiwongolero chimakwanitsa. Felemu igwire ekiselo ya motayo mbali zonse ziwiri, ndipo muike torque arm (kachitsulo koletsa ekiselo kuzungulira) yachitsulo chokhuthala mamilimita 5. Popanda iyo ekiselo imatanula pomwe yalowa, n'kuzungulira, n'kudula mawaya ake omwe.

Buleki ndiye pamene mungagwere musanayambe n'kupikisana komwe. Lamulo limati njinga yothamanga makilomita 25 pa ola iime mkati mwa mamita 6, zomwe ndi 0.41 g. Buleki yakutsogolo yokha, pa tara wouma, pa njinga yogawidwa chonchi ikupatsani cha pa 0.32 g, kuima pa mamita 7.6. Pamafunika mabuleki pa matayala onse atatu, awiri akumbuyo akokedwe ndi chogwirira chimodzi cha zingwe ziwiri kuti agwire limodzi. Chogwirira chilichonse chikhale ndi switchi yodula mota.

Batire ya mavoti 48 ndi 10 Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene imasunga) ndi maselo 52 a mtundu wa 18650 a 2.5 Ah, magulu 13 otsatizana a maselo anayianayi, ndipo ikadzaza imawerenga mavoti 54.6. Imalemera makilogalamu atatu okha, choncho iikeni pansi pa mpando. Fyuzi ya maampu 25 kapena 30 ikhale pafupi ndi batire penipeni, BMS (kachipangizo koteteza maselo potchaja ndi pogwiritsa ntchito) isasowe, ndipo switchi yozimitsira zonse ikhale pofikira dzanja wokwera atamanga lamba. Maselo ochotsa m'malaputopu akale ndi oopsa mukawasakaniza osawayeza limodzilimodzi: gulu lofooka limayamba kutha, BMS imadula magetsi batire ikuoneka ngati yodzaza theka, ndipo selo lowonongeka limatentha potchaja.

Wazamakina24

Zikomo kwambiri nonse. Nanga chitsulo choteteza wokwera njinga ikagubuduzika, sichitseka polowera? Ndipo tingachiyese bwanji popanda makina oyesera?

Mmisiri_wa_Felemu

Chikhale chokhota ngati uta kumbuyo kwa mapewa, chopitirira chipewa cha wokwera wamtali kwambiri m'gulu lanu, ndipo zochirikiza zake zipite kumbuyo ku ekiselo kuti m'mbali mukhale motseguka. Malamulo amati chisenze manyutoni 2,670 kuchokera pamwamba, mopendekeka madigiri 12, osapindika kupitirira masentimita 5.1, komanso 1,330 kuchokera m'mbali pamapewa osapitirira 3.8. Pamwambapo ndi makilogalamu 272, matumba asanu ndi theka a simenti. Mangirirani felemu pomwe pamagwira lamba wa wokwera, muipendeketse madigiri 12, mupachike matumbawo limodzilimodzi ndi chingwe cholimba, pasakhale munthu pansi. Yezani msinkhu wa utawo musanapachike, matumba ali pomwepo, ndi mutachotsa.

Kawirikawiri pothyoka m'pomwe mwawotcherera. Paipi ya mamilimita 32 yokhuthala 1.6 imabooka ndi ndodo zowotcherera za mamilimita 2.5 kapena 3.2. Gwiritsani MIG (makina owotcherera ndi waya ndi gasi), kapena ndodo za 2.0 pamoto wochepa. Kumapeto kwa paipi kusemedwe kuti kukumbatire inzake popanda mpata, ndipo yambani mwadonthezera mfundo zonse felemu itamangidwa pa thabwa lowongoka.

Mayi_Fizio

Ana anga, mpando wa 45 ndi wotheka ngati pali thabwa losalala lotsetserekerapo la masentimita 60 mpaka 70, lokhala ndi pokhala pake pa njinga pomwepo. Kumbukirani kuti pobwerera ku chikuku munthu akukwera masentimita 5 amenewo manja atatopa kale, ndiye musatsitsenso kuposa apo. Tayala la mainchesi 20 likuthandizaninso pano, chifukwa pamwamba pake m'pafupi ndi msinkhu wa mpando, pomwe la 26 limafika masentimita 66 n'kutchinga njira.

Buleki yoimikira ikhale yokhoma, njinga isasunthe pamene thupi lonse lili pamikono. Chopalasira chizitha kukankhidwira kutsogolo kuti mawondo adutse, ndipo tcheni chivindikiridwe poti chimadutsa pafupi ndi nkhope ndi zala. Mapazi amangidwe ndi malamba pachopondera: munthu amene miyendo yake simva sangadziwe kuti phazi lagwa ndipo likukhwekhwereza pansi. Pachifukwa chomwecho pampando pasakhale mutu wa bawuti kapena mfundo yowotcherera, ndipo khushoni ikhale ya siponji yolimba ya masentimita 8 mpaka 10. Mpikisano wopirira umatenga maola awiri ndi theka, ndipo khungu lopanikizika nthawi yaitali limachita chilonda chovuta kupola.

Musanadule paipi ina, khomani mpando wamatabwa pamiyezo yatsopanoyi, mupemphe munthu woyendera chikuku asamukirepo kuchokera kumanja ndi kumanzere, ndipo muone pomwe akuika dzanja. Pamenepo muwotchererepo chogwirira.