Gulu la banja: munda wa agogo ku Thyolo

Amalume (Rosettenville, ku Joni): Mwaswera bwanji nonse? Zithunzi zatumizidwa ndi achemwalizi mwaziona? Chigwembe chimene chinang'ambika ndi namondwe wa Freddy mu 2023 chafika pa mtengo wa mango uja. Mvula ikangobwera, theka la munda wa amayi lipita kumtsinje.

Chisomo (Mayfair): Taona amalume. Tisonkhe, tilembe aganyu aunde akalozera, adzale vetiva. Ine R300 ndipereka Lachisanu ndikalandira.

Mayi a Chisomo (kumudzi): Vuto si ndalama yokha. Dzulo nditangotchula za alangizi, amayi anakanitsitsa kuti asapondemo m'munda mwawo. Akuti malimidwe aja abweranso.

Tadala (Yeoville): Malimidwe atinso? Si kulima komweku?

Amalume: Ayi mphwanga. Ndi mmene anthu ankatchulira malamulo a atsamunda oteteza nthaka. Lamulo lake linabwera mu 1946, ndipo itatha njala ya 1949, nthawi ya bwanamkubwa Colby, anakhwimitsa zedi. Matutu analetsa, aliyense aunde mizere yopingasa phiri ndi kukumba milambala. Wokana ankamulipiritsa kapena kumutsekera. Bambo awo a amayi anagulitsa mbuzi kuti alipire chindapusa, amayi ali kamtsikana, akuona ndi maso makapitawo akukoka chingwe m'munda. Chowawa n'chakuti malo abwino anali atapita ku maesiteti a tiyi, anthu n'kupanikizana m'mapiri, kenako n'kumawanena kuti akuwononga nthaka. Mu 1953 ku Thyolo kwathu kunabuka chipolowe, anthu anafa.

Tadala: Sindinamvepo zimenezi. Agogo sananenepo n'kamodzi komwe.

Chisomo: Pepani, ndinathamanga. Koma nanga titani, poti mizereyo imagwiradi madzi?

Mayi a Chisomo: Amayi amaunda mizere chaka chilichonse, sakana mzere iwo. Akukana munthu wobwera ndi chingwe kudzawalamula pamunda pawo.

Amalume: Ndiye musatumize munthu aliyense kaye. Ndikwera basi kumayambiriro kwa Seputembala. Ndikakhala nawo pakhonde, kenako tikayendera limodzi m'mundamo, atiloze okha kumene madzi amadzera. Aulima zaka zoposa 50, akuudziwa kuposa tonsefe. Akavomera, alangizi adzabwere ngati alendo awo.

Tadala: Ine R250, ndipo ndiwagulira agogo bulangete ku Fordsburg, munditengere.

Mayi a Chisomo: Vetiva alipo kwa aneba kumtundaku, atipatsa mbewu. Ndalamazo zipite kwa anyamata otuta miyala yotchingira chigwembecho. Achimwene, mukadutsa Mwanza mundiimbire, ndiwauze amayi.