Pi 4 ya pasukulu ikutenga mphindi zitatu kuti iyake, thandizani

mmisiri_mchinji
Akuluakulu mutu wazungulira kuno. Pasukulu ina ya sekondale tinaika kakompyuta ka Raspberry Pi 4, OS yake Raspberry Pi OS Bookworm Lite, yoyendetsa Kolibri (pulogalamu ya maphunziro yogwira popanda intaneti). OS ili pa khadi ya SD, mavidiyo ndi mabuku zili pa SSD ya USB. Magetsi ndi a sola, batire ya 12V kenako ka buck converter kotsitsira ku 5V. Kale inkayaka mphindi imodzi isanathe. Pano zitatu zikukwana. Ana afika, WiFi ya Pi-yo siikuoneka pa matabuleti, aphunzitsi aganiza kuti yafa, azula waya n'kubwezera, ndiye iyambiranso pachiyambi. Foni ya ahedi siikundipatsa mpata.

systemd-analyze ikuti 7.9s (kernel) + 2min 48s (userspace). Pamwamba pa systemd-analyze blame (mndandanda wa ma service ndi nthawi imene atenga) pali izi:

1min 92ms NetworkManager-wait-online.service
58s systemd-fsck ya SSD ija
41s kolibri.service

Intaneti kumeneko kulibe n'komwe. Ndingopanga disable wait-online zithe?

gogo_wa_linux
Khadi yatha imeneyo. Munaigula kuti? Za m'tauni zambiri zolembedwa 64GB mkati ndi 8GB, chikuto chokha ndiye chokongola. Ikani pa laputopu muyese ndi f3 kapena H2testw. Gulani yeniyeni ya A1, ija imalonjeza 1500 IOPS powerenga ndi 500 polemba. Class 10 ija ndi ya makamera, pa boot siikuthandizani.

nyanja265
Achimwene musathamangire disable. Blame imangokuuzani nthawi imene service iliyonse yatenga, koma zambiri zimayenda nthawi imodzi, ndiye simungangophatikiza manambalawo. Tumizani systemd-analyze critical-chain kolibri.service tione amene akudikira mnzake. Dziwaninso kuti pa Pi nthawi ya bootloader siiwerengedwa pamenepo, imayambira pa kernel.

Funso langa: pa eth0, doko la waya wa netiweki, palumikizidwa waya?

mmisiri_mchinji
Eya ulipo. Aphunzitsi a kompyuta analumikiza ku switch ya mu labu teremu yathayi kuti madesktop aziona Kolibri. Router kulibe, madesktop anawaika ma IP pamanja.

nyanja265
Basi mphindi yanu imodzi ija ndi imeneyo. Bookworm anasiya dhcpcd mu 2023, pano ndi NetworkManager. Ikaona link pa eth0 imapempha IP kudzera pa DHCP, ndiye switch ilibe woyankha. Imadikira masekondi 45, n'kuyesanso, wait-online nayo ili chidikirire mpaka itatopa pa 60. Ipatseni IP yokhazikika:

nmcli con mod "Wired connection 1" ipv4.method manual ipv4.addresses 192.168.10.2/24

Sinthani manambala agwirizane ndi a madesktop. Mukachotsa wait-online osakonza izi, chilichonse chofuna IP ya hotspot, kaya nginx kaya dnsmasq, chikhoza kuyamba wlan0 (WiFi ya Pi) isanakonzeke n'kugwa. Mudzakhala ndi boot yachangu koma tsamba losatseguka, ahedi adzaimbanso.

gogo_wa_linux
Netiweki ndi mphindi imodzi. Zinazo? Khadi.

sola_kasungu
Ine maso anga ali pa converter. Tumizani vcgencmd get_throttled ndi dmesg | grep -i voltage.

Ndinakumana nazo pa kachipatala kena kumudzi. Converter pa mita inkawerenga 5.1V bwinobwino, mwini ntchito mpaka kulumbira kuti magetsi alibe vuto. Koma ankayeza popanda katundu, komanso pa converter penipenipo. Waya wopita ku Pi unali wa chaja ya foni, wautali, mkati timawaya tonga tsitsi. Titayeza pa pin 2 ndi pin 6 nthawi yoyaka, zinkatsika mpaka 4.5V. Pi imayamba kudandaula ikatsika pansi pa 4.63V, CPU n'kudzichepetsera liwiro. Tinadula waya kukhala waufupi, wonenepa, nkhani inathera pomwepo. Tsiku lomwelo ndinapezanso anesi akuchajira mafoni pa USB ya Pi yomweyo, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pi 4 imafuna 3A, ndipo madoko onse a USB pamodzi amapereka 1.2A basi. SSD imakoka kwambiri poyamba. Onjezani kuti m'mawa batire imakhala itagona ndi njala usiku wonse, makamaka nyengo ya mitambo. Mufunse ngati imachedwanso masana dzuwa lili pamutu.

mayi_wa_seva
Bambo a ku Kasungu anena zoona, koma ndionjezere pa fsck, imene imafufuza zolakwika pa disiki. Magetsi akazulidwa, ext4 imangobwereza journal, zimatenga masekondi ochepa. Ngati ikudya 58s nthawi zonse, mwina filesystem inalembedwa kuti ili ndi zolakwika ndiye ikufufuzidwa yonse, kapena disikiyo ikuthawa n'kubwerera uku fsck ili mkati. Onani mu dmesg ngati muli uas_eh_abort_handler kapena reset SuperSpeed USB device. Kenako lsusb. Ma adapter ena a JMicron, monga 152d:0578, ndi odziwika kuti sagwirizana ndi UAS (njira yachangu yolumikizira disiki pa USB) pa Pi 4. Mankhwala ake ndi kuika usb-storage.quirks=152d:0578:u kumayambiriro kwa cmdline.txt. Liwiro litsikako pang'ono koma ikhazikika.

Chenjezo: fayiloyo pano ili mu /boot/firmware/, osati /boot/ ngati mmene malangizo akale amanenera. Ndipo zonse zikhale mzere umodzi. Mukadina Enter pakati, za mzere wachiwiri kernel siizilandira, root= ikagwera kumeneko ndiye kuyaka kwatha.

gogo_wa_linux
Mayi, ulemu wanu, koma khadi imene yakhala ikuzimitsidwa mozula waya teremu yonse ingakhale bwino? Ine ndinayamba ndi Model B yoyamba ija ya 2012, makhadi amene ndataya ndi ambiri. Kolibri 41s imeneyo ikuwerenga Python yake kuchokera kuti? Si pa khadi?

mayi_wa_seva
Agogo, fsck imene ikuchedwa ndi ya SSD, si ya khadi.

gogo_wa_linux
Asinthe kaye aone.

mmisiri_mchinji
Aphunzitsi anditumizira zithunzi za screen. throttled=0x50005. Undervoltage detected ikubwerezabwereza, reset SuperSpeed iliponso kangapo. Adapter sanaione bwino, chithunzi cha lsusb chatuluka mbuu. Akuti masana imafulumirako koma sanayeze ndi wotchi. Ndikapita ndekha ndi mita ndi waya wina.

sola_kasungu
0x50005 ndiye kuti magetsi ndi ochepa panopa, CPU yachepetsedwa panopa, ndipo zonse ziwiri zachitikapo chiyakireni. Musaike quirks musanakonze magetsi, apo ayi simudziwa chimene chachiza. Reset zimenezo zikhoza kukhala za magetsi omwewo. Ngati converter ndi yaing'ono, SSD ipatseni hub yokhala ndi magetsi akeake, koma samalani, ma hub otchipa ena amabweza magetsi ku Pi, ndiye reboot imakanirira.

chipata_net
Musananyamuke akulu, zingapo. Kopani khadi yonse ndi dd pa laputopu musanakhudze kalikonse. Mu fstab muone ngati mzere wa SSD uli ndi nofail. Popanda nofail, tsiku limene SSD idzakane kuoneka systemd idzadikira 1min 30s kenako emergency mode, ndiye pa Raspberry Pi OS root ndi yokiya, mudzangoona "the root account is locked". Kuchoka pamenepo ndi kuzula khadi basi. Koma nofail yokha ilinso ndi msampha: Kolibri ikhoza kuyamba SSD isanakwere n'kupeza foda yopanda kanthu. Ikani RequiresMountsFor= mu override ya service yake.

Wina akuuzani za overlay filesystem ya mu raspi-config kuti khadi isamaonongeke. Musayatse musanadziwe kumene KOLIBRI_HOME, foda imene Kolibri imasungamo database yake, ili. Ngati database ili pa khadi, maakaunti atsopano ndi zonse zimene ana achita zizifufutika pa reboot iliyonse. Kwathu kuno wina anayatsa, aphunzitsi anazindikira pa nthawi yofuna malipoti a teremu.

nyanja265
Za kuzula waya, aikireni batani. dtoverlay=gpio-shutdown mu config.txt, batani pakati pa pin 5 ndi pin 6. Limazimitsa mwaulemu, likadinidwanso imayaka. Mulembenso papepala kuti adikire nyali yobiriwira isiye kuphethira.

chipata_net
Pin 5 ndi GPIO3, yomwenso ndi SCL ya I2C. Ngati pali RTC (kawotchi ka batire) ya DS3231, imene imagwiritsa I2C, zilimbana ndi batanilo. Ndipo popanda intaneti RTC ikufunika, Pi 4 ilibe wotchi yakeyake, fake-hwclock imangokumbukira nthawi imene inasunga komaliza. Masiku a mu Kolibri amasokonekera. Pi 5 ndiye inabwera ndi RTC yake, mumangogula kabatire.

sola_kasungu
Pi 5 pa sola ya sukulu? Ija imafuna 5A kuti USB ipereke mokwanira. Converter yake muipeza kuti kuno? Amene ali ku Joni atiuze mitengo.

gogo_wa_linux
Mukamaitanitsa ku Joni muikemo ndi makhadi a A1. Muone.

nyanja265
A mmisiri_mchinji, munapita? critical-chain ija sitinaione.

sola_kasungu
Pali amene anayesapo ma converter a 5A aja okhala ndi USB-C? Ndikufuna kudziwa ngati Pi 5 imawazindikira kapena mpaka uike usb_max_current_enable=1 pamanja.