"M'mera mpoyamba": apongozi anga amatanthauza chiyani?

Mayi wa Awiri: Abale ndithandizeni. Loweruka ndinapatsa mwana wanga wamwamuna wa zaka 8 tsache kuti asese pabwalo poti masamba anali mbwee. Mlongo wake wa zaka 6 anali mumtengo, miyendo ili lendelende, akumuseka. Apongozi anga aakazi atatuluka anaima pakhomo, kuyang'ana mnyamata, kuyang'ana mumtengo, kenako n'kungoti, "Apongozi, m'mera mpoyamba." Ine mokondwa ndinati eya amayi, n'chifukwa chake ndikumuphunzitsa ntchito akadali wamng'ono. Iwo anangoti, "Simunandimve," n'kubwerera m'nyumba. Kodi mwambiwu uli ndi tanthauzo lina lomwe ine sindilidziwa?

Mdzukulu wa Gogo: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Ankatidzutsa atsikanafe kusanache, ndipo tikatha kusesa ankayendera bwalo lonse manja ali kumbuyo, kuyang'ana mizere ya tsache pansi. Mizere ikakhala yokhotakhota, ubwereze basi. Nthawi imeneyo alongo athu ali kutali ndi malegeni awo, pobwera miyendo ili mbuu, wowafunsa palibe. Mwambi umenewu ankatinenera ife tokha. Sindinamvepo akuunena kwa mnyamata. Apongozi anuwo akuti tsache lili m'manja molakwika, ndipo ali mumtengoyo atsike.

Bambo Chikwakwa: Nonse mwaphonya. "Poyamba" akunena mwana woyamba kubadwa. Ukalera bwino chisamba, otsatira amangoponda m'mapazi mwake. Agogo anga ankatero. Wamkulu pamenepo ndi mnyamatayo, ndiye nkhani ili pa iye.

Mlimi Wopuma: Achimwene, chisamba chalowa bwanji m'munda? M'mera ndi mbewu yongomera kumene. Chimanga chikamera, milungu 6 yoyambirira ndi imene imanena zonse. Udzu ukachipitirira nthawi imeneyo, ngakhale udzapalire bwanji pambuyo pake, chimakhala chonyozoloka, masamba achikasu. Mwambiwu ukudzudzula mwini khasu, osati mbewu. Ndipo zaka zonse ndalima ine, sindinaonepo m'mera wamwamuna kapena wamkazi.

Bambo Chikwakwa: Nanga m'mera woyamba kutuluka si chisamba cha m'mundamo? Mwandivomereza nokha.

Anamwino: Kkkk bambo inu simugonja. Ine za mwambi ndisiyeni, koma mwana ali mumtengoyo musamutsitse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azisewera mothamangitsa magazi mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Kafukufuku wawo amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti mwa achinyamata a zaka 11 mpaka 17, atsikana 85 pa 100 alionse sakwanitsa zimenezi, pamene anyamata ndi 78. Bungwe loona za ana la UNICEF nalo mu 2016 linati atsikana a zaka 5 mpaka 14 amathera nthawi yochuluka ndi 40 peresenti pa ntchito zapakhomo kuposa anyamata. Ndiye tikamati atsikana sakonda kuthamanga, tizifunsanso kuti nthawi yothamangayo timawapatsa?

Mdzukulu wa Gogo: Pamenepo mwanena. Ine mtengo ndinkakwera kuposa alongo anga onse. Tsiku lina agogo anandipeza kunsonga, diresi nditaipisira mu kabudula wa mlongo wanga. Chimene chinachitika sindinena pagulu. Kungoyambira pamenepo masewera anga anali a pafupi ndi khomo, poti angandiitane nthawi ina iliyonse. Komabe ndisaname, bwalo langa lero mukhoza kugonapo.

Tate wa Anyamata: Koma tisanamizane kuti n'chimodzimodzi. Ndili ndi anyamata atatu. Ukawapatsa wilibala kuti akataye zinyalala kudzala, ulendo woyamba amatayadi, wachiwiri wina wakweramo, wachitatu wilibala yagubuduka, wina akulira. Ana aakazi a mchimwene wanga ukawapatsa kheni yothirira maluwa amathirira mpaka kumaliza. Palibe anawaphunzitsa anyamatawa kugwetsana, anabadwa choncho.

Mlimi Wopuma: Kugwetsana mwina anabadwa nako. Koma kusiya ntchito pakati osawabweza, kumeneko ndi kwa bambo wawo. Atsikanawo akasiya kheni pakati pa bwalo amakalipiridwa, anyamata anu mumangoseka. Udzu uja ndi umenewo.

Bambo Chikwakwa: Tate, wamkulu mwa atatuwo ndi amene amayamba kukwera wilibala, si choncho? Chisamba. Ndatha ine.

Mphunzitsi wa Chichewa: Chondidandaulitsa ine n'chakuti ife tikukangana za tanthauzo, ana athu mawu akuti m'mera sawadziwa n'komwe. Ndinafunsa kalasi yonse, mmodzi anati ndi dzina la munthu. Wina ndinamumva akufuula "m'mera mpoyamba!" timu yake itagoletsa chigoli choyamba.

Mdzukulu wa Gogo: Nanga ana oti mayi awo ndi "masteni," bambo awo ndi "madala," moni wake "bhobho," mwambi aulowetsa pati? Wanga ndikamuuza mwambi amati ndilankhule zomveka. Ndipo za mumtengozo ndi mwayi, anzanu ana awo ngakhale pabwalo satuluka, maso ali pa foni.

Kamnyamata: Inu akuluakulu mwalephera kugwirizana mwambi umodzi wa mawu awiri, koma olakwa ndife kkkk. Ndipo wa chigoli uja sanalakwitse kwenikweni.

Mayi wa Awiri: Ndabweranso. Ndinawafunsa bambo a anawa kuti amayi anu amatanthauza chiyani. Akuti iwonso ali mwana ankauzidwa mawu omwewo, koma akakana kutchetcha udzu. Ndiye kwa apongozi, mnyamata chikwakwa, mtsikana tsache. Lero ndawapatsa onse awiri matsache, atamaliza onse awiri akwera mumtengo. Apongozi angoyang'ana, sananene kanthu.

Bambo Chikwakwa: Anayamba kukwera ndani?