Tikonze bwanji m'kati mwa chipatala chathu chaching'ono?

Mlembi wa komiti, Chinsapo:
Akuluakulu, komiti yathu ya zaumoyo yamaliza kumanga chipatala cha zipinda zinayi, koma ndalama zatsala zochepa. Kodi tiyambe kugula chiyani, nanga zipindazo tizigawe motani?

Namwino wopuma, Area 25:
Bambo mlembi, yambani ndi malo odikirira. Akhale pakhonde lalikulu lopita mphepo, chifukwa chifuwa chachikulu chimafala kudzera mumpweya, komanso tsiku la sikelo amayi amadzaza ndi ana kumsana. Mabenchi akhale amatabwa opaka vanishi, osakuta nsalu, kuti azipukutika msanga. Chipinda choyezera magazi ndi kulandirira ma ARV musachiike moyang'anana ndi mzere, pakuti ndinaonapo anthu akubwerera pachipata poopa maso a anansi awo.

Mmisiri, Kawale:
Ndikugwirizana nawo mayiwa. Pansi ikani matailosi osaterera, ndipo pakhomo pakhale potsetsereka kuti njinga ya olumala izilowa mosavuta.

Mlangizi wa zaumoyo, Kauma:
Musaiwale firiji ya katemera, yomwe imayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Muilumikize ku sola poti magetsi amazimazima, ndipo muiike kutali ndi zenera lolowa dzuwa.